Ndime imodzi yokha, koma mosathamanga

Ndikulembera inu amene Baibulo muli nalo m'nyumba, mumalilemekeza, mwinanso mumaliwerenga tsiku ndi tsiku, koma mukalitseka mtima umakhala udakali pomwe unali. Ine ndinakulira mu mpingo wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma, ndipo ndine mayi wa Chigwirizano. Mavesi oloweza ndinayamba nawo ku Sande sukulu, kalasi ndinalowa mpaka kubatizidwa, Mlozo, kabuku kotitsogolera powerenga Baibulo tsiku ndi tsiku, sunkasowa pa tebulo lathu. Ntchito yanga ndi yosoka, ndili ndi kashopu ku Area 25 mu Lilongwe. Nkhani za m'Baibulo ndinkazidziwa ndithu, munthu akatchula Yona kapena Rute sindinkasochera. Chimene ndinali ndisanachionepo n'chakuti munthu angathe kuwerenga mizere yochepa, n'kuima, n'kumuyankha Mulungu ndi mawu omwewo amene wangomva. Kwa ine kuwerenga kunali pakepake, kupemphera pakepake. Ndinkawerenga chaputala, n'kutseka buku, kenako n'kuyamba pemphero lomwe silinkakhudzana ngakhale pang'ono ndi zimene ndawerengazo.

Amayi anga atadwala sitiroko kumudzi ku Dedza, tinawatenga kudzakhala nafe m'tauni. Mbali ya kumanja inafa, lilime linalemera, mawu ankatuluka oduka moti nthawi zambiri tinkangolota chimene akufuna. Amene munasamalirapo wodwala wotere mukudziwa. Kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi sipuni, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda, kuchapa zofunda m'mawa uliwonse, kenako n'kuthamangira ku shopu chifukwa mwini diresi la ukwati sadikira. Azichimwene anga ankatumiza kangachepe pa foni, ndipo ndikuwathokoza, koma manja ogwira wodwalayo anali anga. Tulo tinasowa. Pemphero linauma. Ndinkatsegula Baibulo usiku, maso n'kumayenda pa mizere, koma ukandifunsa chimene ndawerenga sindikanakuuza.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mayi wina wa Katolika, wamkulu kwa ine, amene ankabwera kudzandithandiza kuwanyamula amayi. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Achemwali, mwatopa inu, ndipo si thupi lokha. Mawa madzulo mphakati ukumana kwathu kuno. Bwerani mudzangokhala nafe."

Ndinati, "Ine wa CCAP ku mphakati, achemwali? Anthu adzati chiyani?"

Iwo anangoseka pang'ono n'kuti, "Yesu wa m'buku la Marko ndi yemweyo. Palibe akukulembani dzina. Mukamva amayi akuitana, mpanda ndi womwewu."

Tinakhala pa mikeka pakhonde, amayi ambiri, abambo ochepa, ndi achinyamata angapo. Wotsogolera sanali wansembe kapena katekisiti, anali bambo wina wogulitsa makala. Anapempha munthu mmodzi kuti aitane Ambuye Yesu adzakhale pakati pathu, pemphero lalifupi ngati mmene umalandirira mlendo. Kenako anatchula Marko 4, ndime 35 mpaka 41, nkhani ya namondwe pa nyanja. Mtsikana wina anawerenga mokweza, mosafulumira. Atamaliza, wina anawerenganso ndime zomwezo. Ine ndinkadikira ulaliki, koma ulaliki sunabwere. Wotsogolera anati aliyense atchule liwu limodzi kapena mawu ochepa amene amukhudza, awatchule mokweza, osafotokoza kanthu. Wina anati, "Tiwolokere tsidya lina." Bata. Wina anati, "Khala chete." Bata. Ndiye anati tonse tikhale chete kwa mphindi zingapo, timusiye Mulungu alankhule.

Chete ameneyo anandivuta poyamba, chifukwa ife tinazolowera kuti mpata ukapezeka wina ayambitse nyimbo. Koma m'kati mwa bata lija, liwu limodzi linandikakamira: pamtsamiro. Marko amati Yesu anali kumbuyo kwa ngalawa, ali m'tulo pamtsamiro. Nkhaniyi ndinaimva kuyambira ndili mwana, koma mtsamirowo ndinali ndisanauone. Madzi akudzaza ngalawa, anthu akukapa, Iye wagona, mutu pamtsamiro. Mtima wanga unatentha. Ine sindikugona, amayi anga sakugona, Inu mwagona? Ndipo ndinaona kuti funso langa lili kale m'ndimemo, ophunzira analifunsa ine ndisanabadwe: Mphunzitsi, kodi simusamala kuti tikufa? Itafika nthawi yogawana zimene tamva mumtima, sindinathe kulankhula. Palibe anandikakamiza.

Usiku umenewo, nditawatembenuza amayi, ndinatsegulanso ndime zomwezo. Sindinapitirire ku chaputala 5. Ndinawerenga motsitsa mawu, n'kufika pa funso la ophunzira lija, n'kulinena ngati langa. Ambuye, kodi simusamala? Ndinalinena mobwereza, misozi ikutsika. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanalankhule ndi Mulungu chotero, chifukwa ndinkaona ngati n'chipongwe. Koma mawuwo sanali opeka ine, anali m'buku lake lomwe. Ndipo nditatopa n'kulira, maso anagwera pa chinthu china: Yesu anadzuka. Sanawatulutse m'ngalawa chifukwa chomudzutsa mwaukali. Anadzudzula mphepo kaye, kenako n'kuwafunsa za mantha awo. Komanso nthawi yonse ya namondweyo Iye anali m'ngalawa momwemo, madzi amene ankanyowetsa iwo ankanyowetsanso Iye. Amayi sanachire usiku umenewo. Koma ine ndinagona.

Anansi anga aja anandifotokozera pambuyo pake kuti njira imene amatsata ku mphakati ili ndi masitepe asanu ndi awiri, ndipo inakonzedwa ku Lumko, malo a maphunziro a mpingo wa Katolika ku South Africa. Miphakatiyo inayamba kukhazikika m'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, atagwirizana mu 1973 kuti akhristu azikumana m'timagulu ting'onoting'ono m'madera mwawo, ndipo kuno ku Lilongwe Episkopi Patrick Kalilombe anailimbikira kwambiri. Masitepe omaliza ndi kukambirana ntchito imene gululo ligwire, monga kukaona wodwala, kenako kupemphera pamodzi. Ndi m'mene zinakhalira kuti sabata yotsatira amayi atatu a mphakatiwo anabwera kudzachapa zofunda za amayi anga.

Komabe mtima wanga sunakhazikike, ndinkafuna kudziwa ngati sindikusochera. Abusa athu atabwera kudzapemphera ndi wodwala, ndinawafunsa. Ndinati, "Abusa, kuwerenga kotere n'kwa Akatolika okha kodi?"

Iwo anati, "Ayi mayi, n'kwa Mpingo wonse, ndipo n'kwakale kuposa magawano athuwa." Ananditsegulira Salimo 1, pamene wodala ndi munthu amene amalingalira chilamulo cha Yehova usana ndi usiku, ndi Luka 2, pamene Mariya anasunga mawu onse aja n'kumawalingalira mumtima mwake. Kenako anandiuza za Martin Luther. Mu 1535 Luther analembera kalata mnzake amene ankamumeta, dzina lake Peter, yemwe anamufunsa za kapempheredwe. Anamulangiza kuti atenge kachigawo kamodzi, kaya ka Malamulo Khumi kapena ka Pemphero la Ambuye, n'kukaona m'njira zinayi: kakundiphunzitsa chiyani, ndithokoze chiyani, ndilape chiyani, ndipemphe chiyani. Ndipo anawonjezera kuti Mzimu Woyera akayamba kukulalikira mumtima pa mawu amodzi, usathamangire kutsiriza mndandanda wako, ima pomwepo umvetsere. Zinandikhudza kuti malangizo amenewa sanapite kwa mbusa kapena munthu wophunzira kwambiri, anapita kwa mmisiri wa lumo, munthu wa ntchito za manja ngati ine.

Abusawo anatchulanso amonke akale, amuna amene ankadzipatula kuti azikhala moyo wa pemphero ndi ntchito. Benedict wa ku Nursia, ku Italy, amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 500, anaika m'malamulo a amonke ake maola a tsiku ndi tsiku ogwira ntchito ya manja ndi maola owerenga Mawu a Mulungu. Kuwerenga kotereku ankakutcha lectio divina. Patapita zaka mazana angapo, m'zaka za m'ma 1100, mmonke wina wa ku Grande Chartreuse ku France, dzina lake Guigo, anafotokoza za makwerero anayi: kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kupumula pamaso pa Mulungu. Iye ankati kuwerenga n'kuika chakudya m'kamwa, kusinkhasinkha n'kutafuna. Akale aja ankakonda kufanizira ndi nyama yobzikula. Ine zimenezo ndinazimva msanga chifukwa ndinawetapo mbuzi ku Dedza: imadya msipu masana, koma madzulo ili m'khola imabweza chakudya chomwecho n'kumatafunanso pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake imachokera pamenepo. Zaka zonsezi ine ndinkangomeza.

Tsono ndikuuzeni mmene ndimachitira, osati ngati lamulo, koma kuti wina apeze poyambira. Nthawi yanga ndi m'bandakucha, ana asanadzuke, moto ndisanakoleze. Foni ndimaisiya kuchipinda, chifukwa ndikangoigwira WhatsApp yanditenga, ndipo ngakhale mavesi amene timatumizirana m'magulu aja amangodutsa m'maso. Ndimayamba ndi pemphero la kamnyamata Samueli: lankhulani Ambuye, mtumiki wanu akumva. Ndime zimakhala zochepa, nkhani imodzi ya m'Uthenga Wabwino kapena kachigawo ka salimo. Ndimawerenga ndi pakamwa, ngakhale monong'ona, chifukwa khutu limagwira zimene diso limalumpha. Nduna ya ku Etiopiya ija ya m'buku la Machitidwe 8, Filipo anaimva ikuwerenga Yesaya ili m'galeta, kusonyeza kuti inkawerenga mokweza. Ndikamaliza ndimabwerezanso. Liwu likandigwira, ndimaima pomwepo, ngakhale ndime zina zitatsala. Ndimadzifunsa chifukwa chake landigwira, likukhudza bala liti, kapena chimwemwe chiti. Kenako ndimamuuza Mulungu zimenezo mosabisa, ndi Chichewa changa cha kukhitchini, osati cha paguwa. Pomaliza ndimangokhala chete. Liwulo ndimapita nalo ku shopu, ndipo makina akamalira ndimalibwereza mumtima.

Kusintha kwake sikuoneka tsiku limodzi, ndipo amene akufuna zotsatira za pompopompo akhumudwa. Ine ndinakuzindikira pa beseni. M'mawa wina ndinali pa Yohane 13, pamene Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira ake. Yohane amafotokoza pang'onopang'ono kwambiri: anadzuka pa chakudya, anavula malaya ake, anatenga nsalu yopukutira n'kudzimanga nayo m'chiuno, anathira madzi m'beseni. Ndinaima pa nsaluyo. Zonse zimene Yohane akutchula zinali zida zanga za m'mawa uliwonse, madzi, beseni, chopukutira, chitenje chomanga m'chiuno. Ndipo ndime ya pamwamba pake imati Yesu anachita zimenezi akudziwa kuti Atate anapereka zonse m'manja mwake. Manja amene anali ndi zonse anagwira mapazi a fumbi, ndipo pakati pa mapaziwo panali a Yudasi. Ndinakhala pa ndime zimenezi masiku angapo osasuntha. Ntchito yosambitsa amayi sinapepuke, msana unkawawa chimodzimodzi. Koma inasiya kukhala chinthu chondilepheretsa kupemphera, inasanduka malo amene ndinkakumana ndi Ambuye. Ndinayamba kuwalankhula amayi powasambitsa, kuwauza za kumudzi, za mitengo ya chimanga, m'malo mongogwira ntchito mwakachetechete kuti ndithane nazo. Mwana wanga wamkazi ndi amene anaona koyamba. Anati, "Amayi, masiku ano simukukalipa m'mawa."

Masiku ouma aliponso, ndipo ndi ambiri. Umawerenga, kubwereza, palibe liwu lokugwira, maganizo ali pa ngongole ya nsalu kapena fizi ya mwana. Pa masiku otere ndimakhalabe mpaka nthawi yanga ithe, ndipo maganizo akathawa ndimawabweza ku ndimeyo mofatsa, osadzikalipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri liwu limene m'mawa linali louma limadzabwera lokha masana, ndili m'minibasi kapena ndikuyankha kasitomala wovuta. Ndipo pamene mtima uli wolemera moti sungathe kupanga pemphero lako, Masalimo alipo, onse 150. Salimo 13 limafunsa Yehova kuti adzandiiwala mpaka liti. Salimo 88 limatha ndi mdima, popanda ngakhale mzere umodzi wa chitonthozo kumapeto. Ndikuthokoza kuti salimo limeneli analisiya m'Baibulo, chifukwa pali usiku wina umene linali pemphero lokhalo limene ndikanatha kunena popanda kunama.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna kuchenjezapo, chifukwa ndaona zikupweteka anthu. Choyamba ndi chizolowezi chotseka maso, kutsegula Baibulo paliponse, n'kuloza chala kuti pamene chagwera ndiye yankho la Mulungu pa ukwati kapena pa bizinesi. Kumeneko n'kuombeza ula, si kupemphera. Kuwerenga kopemphera kumafuna kuti udziwe amene akulankhula, akulankhula ndi yani, ndipo mizere ya pamwamba ndi ya pansi ikuti chiyani. N'chifukwa chake ine ndimatsata buku limodzi kuyambira poyamba mpaka kumapeto, ngakhale zitenge miyezi. Potero sindisankha ndime zondikomera zokha, ndimakumananso ndi zondidzudzula. Marko yemweyo amene ananditonthoza ndi namondwe anadzandifunsa za kukhululuka pa chaputala 11, pamene Yesu amati mukaimirira kupemphera, khululukirani ngati muli ndi kanthu ndi munthu wina. Ndinali ndi kanthu ndi mchimwene wanga wamkulu, amene sankabwera kudzaona amayi. Ndimeyo sinandisiye mpaka ndinamuimbira foni.

Chachiwiri, chimene wamva mumtima si uneneri woti ukalamulire nacho anthu ena. Masiku ano mawu akuti "Mulungu wandiuza" atuluka m'kamwa mwa anthu ambiri, ndipo mabanja ena apasuka nawo. Ine ndikamva chinthu chachikulu, chofuna kuti ndichitepo kanthu, ndimachiyesa ndi Malemba ena onse, ndiponso ndimakachitula kwa akhristu okhwima, kwa abusa kapena kwa amayi akuluakulu a Chigwirizano. Kuwerenga pawekha sikulowa m'malo mwa ulaliki wa Lamulungu, kapena kuphunzira Baibulo mozama ndi anthu odziwa mbiri yake. Zimathandizana.

Ena amandifunsa kuti awerenge Baibulo liti. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 ntchito yomasulira itatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndi limene lili m'magazi mwanga. Mavesi anga onse oloweza ali m'Chinyanja chimenecho, ndipo ndikamapemphera ndi lomwe limatuluka. Akatolika anali ndi Malembo Oyera a 1966. Buku Loyera la 1998 linamasuliridwa ndi akhristu a mipingo yosiyanasiyana pamodzi, m'Chichewa chimene timalankhula lero. Ine ndimagwiritsa ntchito awiri. Makalata a Paulo, amene m'Buku Lopatulika ziganizo zake zimatalika mpaka kusochera, ndimayamba kuwawerenga m'Buku Loyera kuti ndimve mfundo, kenako n'kubwerera ku lakale lija. Nthawi zina kungomva ndime yozolowereka m'mawu ena kumakudzutsa. Werengani limene mukulimva, ndipo ngati Chingerezi si chinenero chimene mumalirira, musadzivute nacho pa nthawi ya pemphero.

Osadziwa kuwerenga, kapena amene maso anafooka, asaganize kuti njirayi yawatsekera kunja. Akhristu ambiri akale analibe Baibulo laolao, ankamva ndi makutu n'kusunga mumtima. Mwana kapena mdzukulu angathe kukuwerengerani ndime imodzi kawiri, n'kukusiyani nayo. Palinso Baibulo la Chichewa lomvetsera pa foni. Ndinayamba kuwawerengera amayi anga madzulo, ndipo tsiku lina ndinasankha Salimo 23. Nditangoti "Yehova ndiye mbusa wanga", iwo anatsiriza okha, momveka bwino, "sindidzasowa." Munthu amene ankalephera kupempha madzi akumwa anayenda nane salimo lonse, liwu ndi liwu. Achipatala anatiuza kuti zimachitika, mawu amene munthu analoweza kalekale, nyimbo ndi mapemphero, nthawi zina amatsala ngakhale kulankhula kwina kutavuta. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga mzere, n'kudikira, iwo n'kubwereza mawu amene awakonda. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo mawu amenewa anagonera mwa iwo kuyambira ali mtsikana ku sukulu ya mishoni. Ndi chifukwa chake ana anga ndimawalowezetsa mavesi ngakhale akudandaula.

Ndinapempha chilolezo kwa atsogoleri athu kuti tiyesere njirayi m'kagulu ka amayi a Chigwirizano a m'dera lathu. Chimene chinativuta kwambiri ndi kudziletsa kulalikirana. Munthu akangotchula liwu lake, wina amafuna kumuthandiza kulimasulira, ndipo mphindi zochepa bata lasanduka msonkhano. Tinagwirizana kuti pogawana aliyense aziyamba ndi "ine", osati "ife akhristu" kapena "anthu ena", ndipo zimene zanenedwa pamenepo zisatuluke pakhomo. Mayi wina amene kwa nthawi yaitali sankalankhula m'gulu anatsegula pakamwa pa nkhani ya Bartimeyo, Marko 10, pamene Yesu amafunsa wakhunguyo kuti, ufuna ndikuchitire chiyani? Anati palibe munthu anamufunsapo funso limenelo chikwatiwire.

Ngati mukufuna kuyamba, tengani buku la Marko. Ndi lalifupi kuposa mabuku ena a Uthenga Wabwino, lili ndi machaputala 16 okha, ndipo nkhani zake n'zazifupi moti iliyonse ikukwanira m'mawa umodzi. Sankhani nthawi imene mukudziwa kuti mungaisunge, ngakhale ikhale mphindi khumi, kusiyana ndi kulonjeza ola lathunthu limene lidzatha sabata isanathe. Amene mumagwira ntchito ya usiku kapena muli ndi khanda, nthawi yanu isakhale ya m'bandakucha chifukwa choti ine ndatero, pezani yanu. Khalani ndi kakope kolembamo tsiku, ndime, ndi liwu limene lakugwirani, mzere umodzi basi. Mukamaliza Marko, pitani ku Masalimo kapena kwa Luka, ndipo pezani mnzanu mmodzi woti muzifunsana pa Sabata kuti mwafika pati.